Kodi chipani cha Conservative ku Britain chikukalamba pamodzi ndi ovota ake?

Funso: Ndikukhala ku Nottingham, ndipo monga nzika ya dziko la Commonwealth ndili ndi ufulu woponya voti kuno. Anzanga akuti chipani cha Conservative sichidzalamulanso chifukwa ochitsatira ndi okalamba okhaokha. Kodi nzoona?

Yankho: Zikomo a Wowerenga. Anzanuwo akunena zoona pa msinkhu wa ovota, koma afulumira kuchiweruza chipanichi. Mu 2019, motsogozedwa ndi a Boris Johnson, chidapeza mipando 365 mwa 650 ya m'nyumba ya malamulo, koma mu 2024, pansi pa a Rishi Sunak, chidatsala ndi 121 yokha, ndipo mwa achinyamata a zaka 18 mpaka 24 ochivotera anali ochepa kwambiri, pamene mwa anthu opitirira zaka 70 chidali patsogolobe.

Chodetsa nkhawa chenicheni ndi chakuti njira yomwe inkabweretsa anthu kuchipanichi yatsekeka. Kale munthu akagula nyumba, kukhala pabanja ndi kuyamba kudandaula za msonkho, mtima wake unkapendekera ku Conservative, ndipo a Margaret Thatcher, omwe adali nduna yaikulu ya chipanichi, adadziwa bwino zimenezi pamene mu 1980 adalola anthu okhala m'nyumba za khonsolo kugula nyumbazo motchipa. Lero mnyamata wogwira ntchito ku London kapena ku Manchester amatha kufika zaka 35 akulipirabe lendi, opanda katundu woti aziteteza ndi voti yake. Ine ndikuona kuti chipani chosathetsa vuto la nyumba chikudzikumbira chokha dzenje.

Nakonso kukhulupirika kuchipani kwafooka. Madera a kumpoto ndi pakati pa England monga Workington ndi Bolsover adasiya chipani cha Labour nkuvotera Conservative mu 2019 makamaka pa nkhani ya Brexit (kutuluka kwa Britain m'bungwe la European Union), koma adabwererako mu 2024. Chaka chomwecho chipani cha Reform UK cha a Nigel Farage chidatenga mavoti oposa 4 miliyoni, ambiri mwa iwo a anthu omwe adavotera Conservative mu 2019, pamene a chipani cha Liberal Democrats adalanda madera olemera a kumwera nkufika pa mipando 72. Pofuna kubweza gulu limodzi, chipani cha Conservative chimathamangitsa linalo.

Komabe chiwerengero cha anthu sichiponya voti chokha. Ku Leicester East, komwe kuli anthu ambiri ochokera ku India, Conservative idalanda mpando kwa Labour m'chaka chomwecho chogonja, ndipo mu Novembala 2024 mamembala ake adasankha a Kemi Badenoch, omwe adakulira ku Nigeria, kukhala mtsogoleri. Choncho mavoti a anthu obwera ngati inu achipanichi angathe kuwapeza, koma pokhapokha atapereka mayankho omveka pa mtengo wa nyumba, malipiro ndi zipatala za boma za NHS.