Za kanjinga kamoto kakale ka injini ya Briggs: yezani kaye musanagule masipeya

Achimwene, mwafunsa za kanjinga kamoto ka matayala ang'onoang'ono kamene ku America amakatcha minibike. Mwati kali ndi injini ya Briggs & Stratton, pulagi sikutulutsa moto, thanki yadyedwa ndi dzimbiri, dzina pa felemu linafufutika, ndiye mukufuna kudziwa kopeza masipeya, kapena ngati kuli bwino kungotaya injiniyo n'kuikapo yatsopano. Injiniyo musataye, komanso musagule chilichonse panopa. Tengani kaye veniya (chida choyezera kunenepa kwa zitsulo), tepi yoyezera ndi kope.

Tinjinga tambiri totere n'ta m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970. Makampani ngati Rupp ya ku Mansfield, Ohio, ndi ena amene ankapanga tinjinga totchedwa Taco ndi Bonanza ku California, ntchito yawo yeniyeni inali felemu, foloko, mpando ndi zophimba. Injini ankagula kwa Briggs kapena Tecumseh, ndipo kilatchi, tcheni ndi mabelingi nthawi zambiri n'zomwe zimaikidwanso pa timagalimoto ta mpikisano totchedwa go-kart. Ndiye zimene zimasowa ndi za thupi la njingayo: foloko, malimu, chophimba tcheni, thabwa la pansi pa mpando. Rupp inagwa mu 1978. Chitsulo chilichonse choyambirira, ngakhale chopindika, chisungeni. Zoyendetsa njinga zija zimapezeka, bola mudziwe muyeso wake.

Yambani ndi manambala. Pa chitsulo chophimba flywheel (gudumu lolemera lozungulira ndi shafuti ya injini), chomwe pali chingwe cholizira injini, anadindapo Model, Type ndi Code. Palani ndi bulashi ya waya pang'onopang'ono, osati ndi galayinda. Model 130202 ndi injini ya 5 hp (hp ndi muyeso wa mphamvu ya injini), 80202 ndi ya 3 hp. Manambala awiri oyamba a Code ndi chaka chimene injini inapangidwa, mwachitsanzo 72 ndiye 1972. Gasiketi, dayafulamu ndi mapoyinti mumaitanitsa potchula Model ndi Type, osati dzina la njinga. Koma dziwani kuti chophimbacho anthu amasinthanitsa, choncho yezaninso shafuti yotulukira kumbali: za 5 hp zambiri ndi 3/4 inchi, za 3 hp zambiri ndi 5/8 inchi.

Kenako onani ngati injini ili ndi mphamvu yopanikiza mpweya. Chotsani waya wa pulagi, vundukulani chophimba chija, zunguzani flywheel ndi dzanja chobwerera m'mbuyo mwamphamvu. Ikagunda n'kudumpha kubwerera, zili bwino. Ikangozungulira fwee, chotsani hedi, chivundikiro cha pamwamba pa injini pomwe pamangidwa pulagi. Kawirikawiri mupeza valavu yotulutsa utsi yakanirira m'mwamba chifukwa chokhalitsa. Dontezani oyilo wofewetsa dzimbiri pa mwendo wake, dikirani usiku umodzi, muigogode pakatikati ndi chigwiriro cha sikuludiraiva kwinaku mukuzunguza shafuti. Mpata wa mavalavu pa 5 hp ndi 0.13 mpaka 0.18 mm yolowetsa, 0.23 mpaka 0.28 mm yotulutsa. Palibe sikuluwu yosinthira. Mpata ukachepa mumanola nsonga ya mwendo wa valavu, ndipo mukanola mopitirira simungabwezenso, ndiye muzinola pang'ono n'kuyeza.

Tsopano moto, pamene pagona funso lanu. Injini za Briggs zopangidwa isanafike 1982 zili ndi mapoyinti (tizitsulo tiwiri totseguka ndi kutsekeka kuti pulagi ithetheke) ndi kondensa kuseri kwa flywheel. Koyilo siifa kawirikawiri, amene amachita dzimbiri ndi mapoyintiwo. Musanafike kumeneko, masulani kawaya kozimitsira injini n'kuyesanso, chifukwa kakasupuka n'kukhudza chitsulo kamaba moto wonse. Zikakanika, chotsani flywheel ndi pula, chida choizulira pa shafuti. Osamenya shafuti ndi hamala, mumaphwanya mazinga, ndipo osapinga sikuludiraiva pakati pa zipsepse zake chifukwa zimathyoka. Pukutani mapoyinti ndi sandipepa wosalala, pitirizanipo kapepala koyera kuchotsa fumbi, ikani mpata wa 0.5 mm akatseguka kotheratu, ndipo kondensa ingosinthani. Mukapeza oyilo m'menemo, ndiye kuti kamtengo kokankha mapoyinti katha pamodzi ndi bowo lake, ndipo atsopanowo adzanyowanso. Apo nzeru ndi kuika koyilo ya Magnetron, imene siifuna mapoyinti, yogwirizana ndi Model yanu; mapoyinti amangotsala m'kati osagwira ntchito, kunja palibe angazindikire. Mpata wa koyilo ndi maginito a flywheel ukhale pafupifupi 0.25 mm, wa pulagi 0.76 mm.

Pobwezera flywheel yang'anitsitsani kakiyi kamene kamakhala mu mpata wa shafuti. N'kofewa dala, kuti injini ikaima mwadzidzidzi kaduke iko m'malo mwa shafuti. Kakangosenda pang'ono, moto umabwera nthawi yolakwika, injini imakana kulira kapena kukubwezerani chingwe m'manja. Ena amadzipangira kawo ka chitsulo cholimba n'kuikapo. Ayi, gulani kenikeni.

Thanki ndi kabuleta pa injinizi n'zophatikana, kabuleta imakhala pamwamba pa thanki n'kumayamwa petulo ndi timapaipi tokhala ndi sefa kunsonga. Ichotseni kaye. M'thanki ponyani manati odzaza dzanja, khutchumulani kwa mphindi khumi, khuthulani, kenako dzazani viniga woyera n'kusiya tsiku limodzi kapena awiri. Tsukuluzani ndi madzi osungunuliramo soda kuti asidi afe, umitsani nthawi yomweyo ndi mpweya wotentha, n'kuzunguzamo oyilo pang'ono. Mukachedwa ola limodzi lokha, dzimbiri labwerera kale. Pakatuluka timabowo, matani ndi mankhwala omatira m'kati mwa thanki. Moto wowotcherera usayandikire thanki yomwe munali petulo, ngakhale itauma zaka zambiri. Dayafulamu ya kabuleta, kalabala kopyapyala kopopa petulo, imauma gwa ngati chikopa ndipo siipopanso, ndiye injini imalira mukathira petulo pakamwa pa kabuleta kenako n'kuzima. Sinthani. Singano yosakanizira petulo ndi mpweya muimange mofatsa mpaka ikhudze, muibweze kamodzi ndi theka, zotsalazo mukonze injini itatentha. Oyilo ndi SAE 30, pafupifupi malita 0.6 pa 5 hp.

Pa kilatchi ndi tcheni m'pamene ndalama zimatayika kwambiri. Kilatchi iyenera kugwirizana ndi zinthu ziwiri, kukula kwa shafuti ndi mtundu wa tcheni. Yezani kuchokera pakati pa pini mpaka pakati pa inzake: 9.5 mm ndi tcheni cha nambala 35, 12.7 mm ndi 40, 41 kapena 420. Zitatu zomalizazi zimafanana kutalika koma 40 n'chotambalala m'kati, ndiye sipuloketi yake siilowa mu 41. Werenganinso mano. Mano 12 kutsogolo ndi 72 kumbuyo ndi 6 kwa 1, zomwe zimanyamula munthu wamkulu bwinobwino pa matayala aang'ono. Mukachepetsa ya kumbuyo pofuna liwiro, kilatchi imangoterera ponyamuka, mphika wake wakunja umasanduka wabuluu ndi kutentha, masipuling'i amafooka, kenako njinga imayamba kuyenda yokha injini ikangolira. Kilatchi imagwira cha pa 2000 rpm (injini ikamazungulira ka 2000 pa mphindi), choncho injini ikamalira yokha izikhala pansi pa pamenepo. Bushi ya mkuwa ya pakati pa kilatchi muziidontezera madontho awiri kapena atatu a oyilo pafupipafupi, koma asafike pa nsapato zake, tizitsulo togwira mphikawo m'kati. Ikani lula pambali pa masipuloketi onse awiri. Akasemphana ngakhale pang'ono tcheni chizingogwa. Ndipo gavana musachotse. Anamuika kuti injini isapitirire 3600 rpm, ndipo flywheel yakale ikaphulika ili pakati pa miyendo yanu.

Mabawuti onse ndi a mainchi. Pezani masipanala a 7/16, 1/2 ndi 9/16. Bawuti ya mamilimita imaoneka ngati ikulowa kwa mazinga awiri, kenako imadya bowo la aluminiyamu. N'chimodzimodzi mabelingi a matayala: ekiselo ya 5/8 inchi imafuna 99502H. Wogulitsa akhoza kukupatsani 6202 chifukwa kunja zimangofanana, koma bowo lake ndi 15 mm pamene ekiselo yanu ndi 15.9 mm. Malimu ambiri ndi a mbale ziwiri zomangidwa ndi mabawuti. Phwetsani tayala lonse musanamasule ngakhale bawuti imodzi, apo ayi mbalezo zimauluka. Kukula kwa tayala kwalembedwa pambali, monga 4.10/3.50-6.

Kuti mudziwe amene anapanga felemu, ijambuleni mbali zonse, makamaka pakhosi pa foloko, mbale yokhalapo injini ndi pomangira ekiselo ya kumbuyo, n'kuonetsa osunga tinjingati. Amazindikira ndi kapindidwe ka mapaipi. Mukadziwa dzina, fufuzani pa eBay ndi dzinalo pa za thupi, koma za injini fufuzani ndi nambala ya sipeyayo, ndipo wogulitsa ajambule chinthucho chili pambali pa tepi. Injini yothyolako zida mungaipeze pa makina akale olimira m'dimba. Ya makina otchetchera kapinga siithandiza, shafuti yake imaloza pansi. Za majenereta shafuti yake imasongoka, za mapampu ambiri ili ndi mazinga, kilatchi siikhalapo.

Penti ibwere komaliza. Mangani zonse felemu ikadali yosapenta, yendetsani, onani ngati mabuleki akugwira, kenako pasulaninso. Mukapala penti yakale yang'anani ming'alu pakhosi ndi m'makona a mbale ya injini. Boolani kabowo ka 3 mm kumapeto kwa mng'alu uliwonse musanawotcherere, kuti usapitirire.