Ayironi wochuluka ndi asilikali a m'thupi mwa mwana wa thalassemia

Achemwali, mwafunsa za mnyamata amene mumamusamalira ku Leicester, ku England, wa thalassemia (matenda a magazi obadwa nawo), woikidwa magazi mwezi ndi mwezi. Mukudabwa kuti adokotala akuti ayironi wachuluka pomwe mwanayo ndi wochepa magazi, komanso kuti bwanji akungodwaladwala. Ine ndagwirapo unamwino ndi ana otere, ndiye funsoli landikhudza.

Kwathu tinakula tikumva kuti wochepa magazi adye chiwindi ndi bonongwe, amwe timapilitsi ta ayironi ta kusikelo tija. Mwana uyu musamupatse timapilitsi timeneto ngakhale kamodzi. Iye sasowa ayironi. Vuto n'lakuti maselo ofiira amene mafupa ake amapanga ambiri amafera momwemo asanakhwime. Tsono paketi imodzi ya magazi imalowa ndi ayironi wokwana pafupifupi 200 mg, pomwe thupi limataya 1 kapena 2 mg yokha patsiku. Wotsalayo alibe khomo lotulukira. Amaunjikana m'chiwindi, mumtima ndi m'tiziwalo topanga mahomoni, n'kubweretsa shuga, kuchedwa kutha msinkhu, kapena kufooka kwa mtima.

Za kudwaladwalazo, ganizirani nkhokwe yodzadza mpaka chimanga kutayikira pansi: makoswe sachedwa. Mabakiteriya ngati Klebsiella ndi Yersinia amaswana msanga akapeza ayironi wotayirira m'magazi. Pomwepo asilikali a m'thupi amakhala atafooka. Ma macrophage, amene amameza maselo ofiira okalamba, ndiwo amayamba kukhuta ayironi, ndipo mphamvu yawo yopha tizilombo imachepa. Ma neutrophil, asilikali othamangira msanga kukapha mabakiteriya, amafika mochedwa pamene pali matenda. Ngakhale ma CD4 amene tinawadziwira pa nkhani ya HIV aja amapezeka ochepa poyerekeza ndi ma CD8. Ngati anamuchotsa kapamba (spleen), ngozi imakula kwambiri, n'chifukwa chake penisilini wa tsiku ndi tsiku ndi katemera sizodumphitsa.

Chothandiza ndi mankhwala otulutsa ayironi, amene amayambidwa kawirikawiri ferritin (muyeso wa m'magazi wosonyeza ayironi wosungidwa m'thupi) ikapitirira 1,000. Deferoxamine amalowa pansi pa khungu ndi kapampu, maola 8 mpaka 12, usiku wambiri pamlungu. Ndinaonapo kamtsikana kakukweza malaya kundionetsa pamimba podzadza timatotupa ta singano, kakuti katopa. Mwana wotere amafuna munthu wokhala naye pafupi pamene singano ikulowa, osati womukalipira. Deferasirox ndi wakumwa kamodzi patsiku, koma amafuna kuyeza impso. Deferiprone amachotsa bwino ayironi wa mumtima, koma kwa ena amagwetsa ma neutrophil mwadzidzidzi, ndiye magazi amayezedwa pafupipafupi.

Ferritin yokha musaidalire, imakwera mwana akangodwala china chilichonse. Funsani makolo ake ngati anamujambula MRI ya mtima ndi chiwindi, chithunzi choonetsa kuchuluka kwa ayironi m'ziwalozi.

Koma chimene ndikukupemphani kwambiri, poti ndinu mumakhala naye tsiku lonse, ndi ichi. Thupi likatentha kufika 38, kapena akadandaula zilonda zapakhosi, kupweteka m'mimba, kutsekula, musamupatse Panado n'kudikira kuche. Deferiprone kapena deferoxamine aimitsidwe kaye, imbirani achipatala chake nthawi yomweyo, ndipo mukafika kumeneko nenani msangamsanga kuti ndi wa thalassemia, mankhwala amene akumwa, komanso ngati kapamba alipo kapena anachotsedwa.