Wasokoneza makolo a agogo pa mtengo wa banja, ndipo sakuyankha

Mmodzi mwa owerenga watumiza imelo ndi dandaulo ili. Pa FamilySearch, webusayiti ya mtengo wa mabanja umodzi womwe onse olembetsa amakonzera pamodzi, munthu wina walumikiza mayi wa agogo awo kwa makolo ena. Kalata ya ubatizo yomwe owerengawa ali nayo ikusonyeza kuti mayiyo anabadwa mu 1891, koma pa tsambalo palembedwa 1884, ndipo bambo wake ndi wina. Atumiza mauthenga atatu kwa munthuyo m'miyezi inayi, koma kuli zii. Akufunsa kuti: "Ndizidikirabe, kapena ndingokonza? Sindikufuna mkangano."

Konzani. Miyezi inayi ndi yambiri, masabata awiri okha akadakwana. Pa FamilySearch palibe mwini wa tsamba la munthu amene anamwalira, ndipo simukusowa chilolezo cha wina aliyense. Chomwe mukusowa ndi umboni, komanso kuonetsetsa kuti mukukonza munthu woyenera.

Musathamangire kuganiza kuti akukunyozani. Ambiri amatsegula akaunti, n'kulowetsa mayina mazanamazana pa masiku awiri, kenako chidwi chimatha. Ena anasintha imelo, ena anamwalira. Ndiyeno pali wolemba amene sadzayankha mpaka kalekale: mukaona kuti dzina la wolemba ndi "FamilySearch" ndipo chaka ndi 2012, dziwani kuti zimenezo zinasamutsidwa kuchokera m'nkhokwe zakale monga Ancestral File, Pedigree Resource File ndi International Genealogical Index. Kumbuyo kwake kulibe munthu woti n'kumulembera.

Tsono chomwe chandikayikitsa mu imelo yanu ndi ichi: kusiyana kwa zaka zisanu ndi ziwiri, kuphatikiza bambo wina. Wolakwitsa polemba amasokoneza nambala imodzi kapena kalembedwe ka dzina. Koma chaka china pamodzi ndi bambo wina kawirikawiri zimatanthauza kuti panali amayi awiri a dzina limodzi, ndipo wina anawaphatikiza kukhala munthu mmodzi. Ngati zili choncho, inu n'kungofufuta 1884 n'kulembapo 1891, mwafafaniza agogo a banja lina. Zidzukulu zake zikadzabwera zidzabwezeretsa 1884, inu mudzabwezanso 1891, ndipo mkangano womwe mukuuthawawo wayamba pamenepo.

Choncho musanakhudze kanthu, tsegulani Latest Changes, mndandanda wa zonse zomwe zasinthidwa, pa tsamba la mayiyo n'kuona zonse kuyambira pansi. Fufuzani mawu oti Merge, kutanthauza kuphatikiza masamba awiri kukhala limodzi. Onaninso ana: kodi pali obadwa chaka chimodzi m'madera awiri otalikirana, kapena amuna awiri amene maukwati awo akugundana? Mukapeza kuti panaphatikizidwadi anthu, tsamba lomwe linachotsedwa silinatayike. Ngati palibe chasintha chiphatikizireni, batani la Unmerge limabweza zonse mwakale. Koma papita nthawi, ndiye mwina lasiya kugwira ntchito; pamenepo tsegulani tsamba la munthu wochotsedwayo n'kusankha Restore Person. Ntchito yotopetsa imatsala yamanja: kubwezera mwamuna, ana ndi maumboni aliyense kwa mayi wake, mmodzimmodzi. Pomaliza, amayi awiriwo akaonekera pa Possible Duplicates, mndandanda wa anthu amene kompyuta ikuganiza kuti ndi munthu mmodzi, sankhani Not a Match n'kulemba chifukwa. Mukaiwala ichi, kompyuta idzapitiriza kuuza aliyense wodutsa kuti mwina ndi munthu mmodzi, ndipo wina adzawaphatikizanso.

Ngati sipanaphatikizidwe anthu, ntchito ndi yopepuka, koma dongosolo lake n'lofunika. Yambani ndi kumata umboni pa Sources, chithunzi cha kalata ya ubatizo pamodzi ndi dzina la tchalitchi, buku ndi tsamba lomwe ili. Kenako sinthani chaka. Pa makolo, musayese kufufuta anthuwo, chifukwa ndi makolo enieni a winawake. Chotsani chingwe chokha chomwe chikuwalumikiza kwa mayi wa agogo anuyo, kudzera pa kapensulo kamene kali pafupi ndi dzina lake m'gawo la Parents and Siblings.

Kabokosi kolembamo chifukwa ndi komwe anthu ambiri amapeputsa. Amalemba kuti "zolakwika" kapena "ndikudziwa ndine wachibale", mawu omwe sathandiza aliyense. Lembani motere: "Kalata ya ubatizo ya 1891, yomwe ndamata pa Sources, ikutchula bambo ndi mayi ndi mayina awo. Setifiketi ya ukwati ikutchula bambo yemweyo. Wobadwa mu 1884 ndi munthu wina, nambala ya tsamba lake ndi yakuti." Mawu amenewa simukulembera amene wakhala cheteyo ayi. Mukulembera msuweni wosamudziwa amene adzafike pa tsambali zaka zisanu zikubwerazi ali ndi chala pa batani. Ikaninso mawu omwewo pa Collaborate ngati Note, ndipo muchonge Alert Note kuti chenjezo lizioneka pamwamba pa tsamba. Dinani kanyenyezi ka Follow kuti muzidziwitsidwa wina akasintha.

Uthenga womaliza kwa wolembayo tumizanibe, koma usakhale wopempha chilolezo. Tchulani dzina ndi nambala ya tsamba, nenani chomwe mwasintha ndi umboni wake, n'kumaliza ndi funso limodzi: "Kodi muli ndi chikalata chosonyeza 1884?" Munthu amene ali ndi mayina zikwi zitatu sangakumbukire "agogo aja" popanda nambala, ndipo mauthenga ambiri amafera pomwepo.

Kwa amene muli pa mawebusayiti ena, malamulo amasiyana kwambiri. WikiTree, yomwe Chris Whitten anayambitsa mu 2008, ili ndi woyang'anira tsamba lililonse, Profile Manager, ndi mndandanda wa anthu odalirika, Trusted List. Tsamba la munthu amene anabadwa zaka zoposa 150 zapitazo, kapena anamwalira zaka zoposa 100 zapitazo, limakhala lotseguka, ndipo membala amene anasaina Honor Code, lonjezo lotsata malamulo a WikiTree, akhoza kulikonza (pa masamba a anthu obadwa chaka cha 1700 chisanafike, amafuna kuti muyambe mwapambana kamayeso). Mukapempha kuphatikiza masamba awiri woyang'anira osayankha, pakatha masiku 30 pempholo limatengedwa ngati lavomerezedwa. Chovuta ndi masamba otsekedwa komanso dzina la banja lobadwa nalo, lomwe aliyense sangangolisintha. Apo pali njira yotchedwa Unresponsive Profile Manager. Amafuna kuona kuti munayesadi: munapempha kulowa pa Trusted List, munatumiza uthenga wachinsinsi, munalembanso ndemanga poonekera. Sungani madeti ake, chifukwa wodumpha sitepe amabwezedwa kuti akayambirenso.

Pa Geni, yomwe MyHeritage inagula mu 2012, musataye nthawi ndi woyang'anira wosowa. Pitani kwa ma curator, anthu odzipereka omwe ali ndi mphamvu zophatikiza, kulekanitsa ndi kutseka mfundo zina kuti zisasinthidwe. Yambitsani Discussion pa tsamba la munthuyo, muikepo umboni.

Ancestry ndi mitengo wamba ya pa MyHeritage ndi nkhani ina. Kumeneko mtengo ndi wa mwini wake, ndipo simungasinthemo kanthu popanda iye kukuitanani. Pa Ancestry yang'anani pa mbiri ya membalayo kuti analowa liti komaliza. Ngati papita chaka, lekani kulemba. Siyani ndemanga pa tsamba la munthuyo ngati mtengowo ndi wapoyera, ndipo wanu ukhale wapoyera, wodzaza ndi maumboni. Zolakwika kumeneko zimafala chifukwa chokoperana, moti mitengo makumi awiri yonena 1884 ikhoza kukhala kulakwitsa kumodzi komwe kwakoperedwa kakhumi ndi kasanu ndi kanayi.

Nanga pa FamilySearch, munthu wacheteyo akadzabweza zomwe mwakonza, osanenabe kanthu? Bwezeretsani kamodzi kudzera pa batani la Restore la mu Latest Changes, mulembe chifukwa chomveka kuposa poyamba, mutsegule Discussion. Akabwerezanso, musalowe mpikisano wa tsiku ndi tsiku. Njira yokanenera ya Report Abuse ilipo, koma ndi ya owononga dala ndi otukwana. Ogwira ntchito ku FamilySearch nthawi zambiri saweruza kuti bambo weniweni wa munthu ndi uti. Chokutetezani ndi kusunga mtengo wanu pa kompyuta yanu, m'pulogalamu monga RootsMagic, Legacy Family Tree kapena Ancestral Quest, zomwe zimalumikizana ndi FamilySearch n'kukuonetsani mbali ziwirizo moyandikana. Wina akasokoneza usiku, m'mawa mumaona mzere womwe wasiyana, ndipo kuubweza ndi ntchito ya mphindi zochepa chabe.