Anthu akujomba misonkhano ya chitukuko: yankho kwa alembi a VDC

Alembi, mwafunsa kuti mutani poti kumsonkhano wokonza zomanga mlatho kukubwera anthu osakwana 20 pamudzi wa mabanja oposa 100. Ndakhala m'komiti ya chitukuko cha m'mudzi (VDC) kwathu zaka zinayi, ndipo nkhaniyi inandisowetsapo tulo.

Chonde musafulumire kunena kuti anthu ndi aulesi. Anthu omwewo banki m'khonde saijomba ngakhale kugwe chimvula, chifukwa amadziwa chomwe akukatengako. Kwathu ankabwera n'kupeza akomiti ndi amfumu atagwirizana kale chomanga ndi pomanga, iwo angoitanidwira kuomba m'manja ndi kumva tsiku loumba njerwa. Tinaumbadi njerwa za chipinda chophunziriramo, uvuni n'kuotcha, koma simenti osabwera. Njerwazo zinamera udzu. Chaka chotsatira titaitanitsa msonkhano wa mjigo panabwera anthu 9. Mayi wina anandipeza pachigayo nati, "Muyambe mwatiuza za njerwa zija." Mawuwo anandilasa mtima chifukwa ankanena zoona.

Kuchokera pamenepo msonkhano uliwonse timayamba ndi lipoti. Tinagwirizana zotani, zachitika ndi ziti, kalata yomwe tinapereka ku ADC (komiti ya chitukuko ya dera lonse la mfumu yaikulu) yayankhidwa kapena ayi. Msungichuma amaimirira n'kuwerenga ndalama zosonkha mpaka K500 yomaliza, kope lili m'manja, aliyense wofuna alione. Ngakhale kukhonsolo kukhale zii, nenani choncho osabisa. Ndondomeko ya mphamvu ku anthu ya 1998 imafuna kuti mapulani aziyambira kumudzi, apite ku ADC, kenako kukhonsolo. Ndiye musabwere ndi chomanga chosankhiratu. Bwerani ndi ziwiri kapena zitatu, anthu akwezere manja okha.

Amayi muwapatse bwalo lawolawo kwa kanthawi, achinyamatanso chimodzimodzi, kenako mukumane pamodzi. Abambo ali pamipando, amayi pansi, amayiwo salankhula, chonsecho ndiwo amadziwa pomwe mtsinje umavuta kuoloka ndi mwana kumsana.

Nthawi nayonso muione. Disembala ndi Januwale m'mawa aliyense ali kumunda kupalira ndi kuthira feteleza, choncho ikani 2 koloko masana. Pewani tsiku la msika, Lachisanu masana ngati kuli Asilamu, ndi Loweruka ngati kuli a Seventh Day. Nthawi ikakwana yambani ndi omwe alipo, musadikire mlendo wa kuboma anthu ali padzuwa, ndipo ola limodzi ndi theka lisapitirire. Uthenga udzere kwa anyakwawa, kutchalitchi, kumzikiti ndi mwa ana asukulu. WhatsApp safika kwa agogo.

Za chindapusa kwa ojomba ine sindigwirizana nazo, munthu amabwera thupi lokha, pakamwa atatseka. Alawansinso musayambitse, tsiku lomwe idzasowe mudzakhala nokha ndi amfumu. Lipoti lija yambani nalo pamsonkhano ukubwerawu, ndipo pomema anthu nenani kuti msungichuma adzawerenga ndalama pagulu.