Geni ya ndolo ndi mikanda ya galasi losungunula: zooda ku Joni, kaotchedwe ndi za pa boda

Achemwali, mwafunsa ngati ndolo ndi timiyala ta pa mkanda ta galasi losungunula timene munaona ku Joni mungamapange nokha kuno, ngati mabotolo ndi zidutswa za mawindo zingagwire ntchito, komanso kuti katundu wake amadutsa bwanji pa boda. Kutheka n'kotheka ndithu. Koma musanasinthe ndalama n'komwe, gwirani kaye nkhani ya nambala ya galasi, chifukwa mpamba wa anthu ambiri umathera pamenepo.

Galasi likatentha limafufuma, likamazizira limabwerera, ndipo mtundu uliwonse uli ndi mlingo wakewake. Ogulitsa amaulemba ndi zilembo za COE. Lopangira ndolo lilipo la COE 90, lodziwika kwambiri ndi la Bullseye la ku Portland ku America, ndi la COE 96 la Oceanside. Mukasanjikiza la 90 pa la 96 zimagwirana bwinobwino mu uvuni, zimatulukanso zokongola, koma mkati zimakhala zikukokana. Mng'alu ukhoza kubwera tsiku lomwelo kapena patatha milungu, kamwalako kali kale pakhosi pa kasitomala. Sankhani nambala imodzi ndipo muzioda yomweyo nthawi zonse. Zotsala podula muziziponya m'chitini cholembedwa nambala, chifukwa ndi maso simungazisiyanitse.

Mabotolo ndi mawindo alibe nambala yodalirika. Botolo limodzi mukhoza kuliphwanya n'kulisungunula palokha, koma osaphatikiza ndi botolo lina ngakhale afanane mtundu. Amafunanso moto wambiri ndipo sachedwa kuchita chifunga pamwamba. Mukakayikira kachidutswa, kaotcheni pa galasi loyera (lopanda mtundu, loonekera ngati la pa windo) la nambala yanu, kenako muike pakati pa magalasi awiri a m'maso a dzuwa olembedwa polarized, limodzi mutalipingasa. Mukaona kuwala koyera kuzungulira kachidutswako, ndiye kuti sizikugwirizana.

Ku Joni musaode mapepala akuluakulu a galasi. Pemphani odulidwa kale a masentimita 25 mbali zonse, okhuthala mamilimita 3. Limodzi limalemera pafupifupi theka la kilogalamu ndipo mumatuluka tizidutswa 70 ta mamilimita 25 ndi 35, tinene 60 poti kwina kudula kumakhota. Kamwala kalikonse kamafuna zidutswa ziwiri, cha mtundu pansi ndi choyera pamwamba, ndiye theka la oda yanu likhale galasi loyera. Anthu amakopeka ndi mitundu n'kuiwala loyera, kenako amakhala ndi katoni yodzaza koma chovundikira palibe. Lonyezimira ngati mapiko a chiwala lija ndi dichroic. Ndi lodula kwambiri, tengani tizidutswa ta mu paketi, kachidutswa ngati chikhadabo kamakwanira kamwala kamodzi. Onjezani chodulira magalasi cha mafuta, pulayala yothyolera, pepala loyala mu uvuni lotchedwa ThinFire, timakoko tomatira kumbuyo kwa kamwala timene amati bail, zokolera ndolo, ndi guluu wa E6000 kapena epoxy wa machubu awiri.

Uvuni ndiye chinthu chodya ndalama. Ukhale wa magetsi a ma volt 230, wokhala ndi kakompyuta kotchera moto ndi nthawi. Wa ku America wa 120 musaulandire ngakhale wina akupatseni motchipa. Pulagi ya ku South Africa ndi ya mano ozungulira pomwe yathu ndi ya mano a ngodya, ya ma amp 13, choncho sankhani uvuni wosapitirira ma watt 2,000 ndipo wamagetsi asinthe pulagi yeniyeniyo. Adaputala imatentha n'kusungunuka moto ukayaka maola ambiri. Tiuvuni toika mu microwave n'tabwino pophunzirira, koma kuzizira kwake simungakulamulire, ndiye zogulitsa musadalire timeneto.

Galasi likasungunuka limafuna kukhala lokhuthala mamilimita 6. Mukaika chidutswa chimodzi chimadzikoka, m'mbali mumalowa ngati fupa la galu. Mukaika zitatu zimayenderera n'kukakumana ndi zinzake. Ziwiri ndiye zimasunga maonekedwe amene munadula. Chapamwamba chikule ndi milimita imodzi mbali zonse kuti chikutire chapansi. Tsukani chidutswa chilichonse ndi spiriti, mupukute, ndipo muzigwira m'mphepete mokha: mafuta a zala ndi inki ya cholembera ndi zimene zimabweretsa chifunga chosachoka. Pa shelefu ya mu uvuni siyani mpata wa chala pakati pa timiyala. Dichroic mbali yonyezimira isayang'anizane ndi inzake yonyezimira, sizigwirana.

Pa COE 90 tcherani motere, madigiri onse ndi a Celsius. Moto ukwere madigiri 220 pa ola mpaka 660, uime mphindi 30 kuti mpweya wa pakati utuluke. Mukadumpha pamenepa mumapeza thovu lalikulu pakati pa kamwala. Ukwerenso 330 pa ola mpaka 800 kapena 810, uime mphindi 10. Utsike msanga mpaka 482, uime ola lathunthu. Kenako utsike madigiri 55 pa ola mpaka 370, ndiye uzime. Pa COE 96 poimira ola paja ndi 510. Mukafuna kuti tizidutswa ta pamwamba tizimveka pogwira, lekezani moto cha pa 760. Zonsezi zimatenga pafupifupi maola 8, ndipo chivundikiro musatsegule mpaka mkati mutazizira moti mungagwire ndi dzanja.

Ola la pa 482 lija ndi limene limachotsa kukokana m'galasi, ndipo kwathu kuno mdani wake ndi kuthima kwa magetsi. Muziyatsa mutaona ndondomeko ya magetsi ya dera lanu. Akathima moto ukukwera, siyani uvuni wotseka, muyambirenso akabwera. Akathima pa nthawi yotsika, timiyalato musatigulitse ngakhale tioneke tabwino. Tibwezereni mu uvuni, mukweze pang'onopang'ono mpaka 540, mutsike ku 482 ndi kumaliza monga mwa kale.

Mitundu nayo ili ndi khalidwe. Yachikasu, yofiira ndi ya olenji ikakhudzana ndi yobiriwira ngati madzi a kunyanja, pamalire pamatuluka mzere wakuda chifukwa sulfure wakumana ndi kopa. Ena amaufuna dala, koma ngati simukuufuna ikani loyera pakati. Liliponso galasi looneka lotuwa m'sitolo limene limafiira likapsa, ndiye mapepala a mayina musamatule mpaka mutaotchako kachidutswa.

Kumbuyo kwa kamwala kwecheni ndi sandipepa, mutsuke ndi spiriti, mumate bail, musiye maola 48. Supa guluu amauma ngati chigamba n'kumatuka. Zokolera ndolo tengani za stainless kapena za siliva wa 925. Zotchipa zimakhala ndi nickel amene amatupitsa makutu, ndipo mwini loji akamva dandaulo limodzi la mlendo katundu wanu amamuchotsa pa shelefu.

Polongedza, galasi liime chilili ngati mabuku, katoni pakati pa lililonse, m'bokosi lolimba lodzadza bwino kuti musagwedere kanthu. Logona chafufumimba limathyoka likaponderezedwa ndi matumba. Basi ikachoka ku Joni imadutsa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza kapena Dedza, ndipo katundu amatha kutsitsidwa kangapo panjira. Bokosi la makilogalamu 5 kapena 6 likhale nanu pamiyendo. Uvuni upite m'bokosi lake, shelefu mutaichotsa n'kuikulunga payokha, mkati mutadzazamo nsalu kuti njerwa zake zofewa zisagumuke.

Pa boda a MRA amawerengera msonkho pa malisiti, choncho lisiti lililonse likhale ndi dzina la sitolo, kuchuluka ndi mtengo. Mulengeze kuti ndi galasi la mitundu lopangira zokongoletsa, lisaoneke ngati miyala ya mtengo wapatali. Musayembekezere kuchotseredwa msonkho wa SADC: galasilo munaligula ku South Africa koma linapangidwa kunja kwa chigawo chino. Ndondomeko yopepuka ya COMESA ya amalonda ang'onoang'ono siyikhudza South Africa. Ikhoza kukuthandizani popita ndi zopangapanga ku Chipata kudzera pa Mchinji, mutafunsa kaye pa desiki yake ngati zanuzo zili pa mndandanda.

Msika weniweni uli m'maloji a ku Cape Maclear, Senga Bay, Nkhata Bay ndi Mfuwe, makamaka m'miyezi ya chilimwe alendo akachuluka, komanso kwa amayi a m'maofesi ofuna ndolo zogwirizana ndi chitenje cha ukwati. Maloji ambiri amafuna musiye katundu adzalipire akagulitsa, ndiye lembani chiwerengero ndi mtengo pa mapepala awiri osainirana. Powerengera mtengo wa kamwala ikanimo galasi, bail, chingwe, kakhadi, mayuniti a magetsi, thiransipoti, msonkho ndi timene tawonongeka mu uvuni. Ulendo woyamba tengani mitundu isanu yokha, wakuda ukhalepo, ndipo moto woyamba ukhale wa timiyala 6 toyesera kuti muone ngati uvuni wanu ukufuna 800 kapena 810.