Ndege ya kwawo, injini ya kwa eni

Wowerenga wina amene akuphunzira za uinjiniya ku Johannesburg watumiza imelo yofunsa za ndege zankhondo. Akuti Turkey ikunyadira KAAN kuti ndi yopangidwa kwawo, India ikunyadira Tejas, South Korea ikunyadira KF-21, chikhalirecho zitatu zonsezi zikuuluka ndi injini za General Electric ya ku America. Ndiye akufunsa ngati limeneli si bodza, komanso mmene munthu angasiyanitsire ndege ya kwawo yeniyeni ndi yongopakidwa mbendera.

Achimwene, liwu loti bodzalo landiwawa, chifukwa amakonda kulitchula ndi anthu amene amaona ndege ngati minibasi: chasisi apo, bodi apo, injini apo, womanga mabawuti ndi makaniko chabe. Tiyambe ndi mayiko amene palibe amawanena. France ndi kale inayamba kupanga ndege zake, koma Rafale yoyamba, imene inanyamuka pa 4 Julayi 1986, inali ndi injini ziwiri za F404 za ku America chifukwa M88 ya kwawo inali isanapse. Sweden yakhala ikumanga ndege zake zankhondo kuyambira m'ma 1940, ndipo mwa zotchukazo palibe imene injini yake inabadwira ku Sweden. Tunnan inali ndi Ghost ya de Havilland, Draken inali ndi Avon ya Rolls-Royce, Viggen inali ndi JT8D ya ku America ya ndege za apaulendo imene anaisintha n'kuiikira choyatsira moto kumbuyo, ndipo Gripen inatenga F404 yomwe ija, Volvo n'kumaipanga ndi dzina loti RM12. Ngakhale J-10 ya China inauluka zaka zambiri ndi AL-31 ya ku Russia, WS-10 ya kwawo isanakhwime. Mayiko amene amajambula okha injini ya ndege yankhondo yamakono n'kuipanga yambirimbiri akukwana pa zala za dzanja limodzi: America, Britain, France, Russia ndi China. Mukati ndege yopanda injini ya kwawo ndi yabodza, ndiye kuti mwafafaniza ndege zambiri zabwino za padziko lino.

Injini imavuta chonchi chifukwa cha kachitsulo kamodzi kosaposa chikhatho. Mpweya ukalowa, compressor imaupanikiza maulendo 25 mpaka 30, umathiridwa mafuta n'kuyatsidwa, kenako umamenya timapiko ta turbine uli pa madigiri oposa 1,500. Chitsulo cha nickel chimene amapangira timapikoto chimayamba kusungunuka cha m'ma 1,300. Ndiye kuti kapiko kakugwira ntchito m'moto woposa umene ungakasungunule, kwinaku kakuzungulira maulendo oposa 10,000 pa mphindi. Chimakapulumutsa ndi mphako zimene zili m'kati mwake. Mpweya wozizirirako wochokera ku compressor umadutsa m'menemo, umatulukira pa timabowo ting'onoting'ono n'kukafunditsa kunja konse, ndipo pamwamba amamatapo ceramic yopyapyala yotchinga moto. Kapiko konseko amakaumba kukhala kristalo imodzi yopanda msoko, chifukwa chitsulo chikatentha chimatamuka ndi kung'alukira m'misoko ya timibulu take. Kuumba kotere kumafuna ng'anjo yochotsedwa mpweya, ndipo chikombole amachitsitsa pang'onopang'ono kuchoka pamoto kuti chitsulo chigwirane kuyambira pansi kupita m'mwamba. Ukafulumira, kristalo yachiwiri imamera pambali, kapikoko ndi kotaya. Chithunzi cha kapiko mungachipeze m'buku lililonse la uinjiniya. Kaphikidwe kake ndiko palibe amagulitsa.

India inalawa zimenezi kawiri. Koyamba kunali pa HF-24 Marut, imene anaijambula Kurt Tank, Mjeremani amene anajambula ndege ya Fw 190 ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Iyeyu anafika ku Bangalore akuchokera ku Argentina, kumene Pulqui II yake inathera pa ndege zoyeserera zisanu zokha. Marut inauluka pa 17 Juni 1961. Thupi lake analijambula kuti lithamange kawiri liwiro la mawu, koma injini yamphamvu imene ankaiyembekezera sinapangidwe, ndipo anangoikamo Orpheus 703 ziwiri zopanda choyatsira kumbuyo. Zinamangidwa 147, zinamenya nawo nkhondo ya 1971, koma liwiro la mawulo zinkalifika movutikira. Pofunafuna injini, India inapalana ubwenzi ndi Egypt ya Nasser, kumene ankamanga ndege ya Helwan HA-300 ya Willy Messerschmitt, Ferdinand Brandner wa ku Austria akupanga injini yake ya E-300. India inatumiza Marut imodzi kuti ayeserepo injiniyo, ndipo amene anaulutsa HA-300 koyamba pa 7 Malichi 1964 anali wa ku India, Kapil Bhargava. Nkhondo ya 1967 ya Egypt ndi Israel inakokolola ndalama, Soviet Union inali ikupereka ma MiG, ndipo mu 1969 ntchito inatsekedwa ndege zitatu zokha zitamangidwa. Imodzi ili m'nyumba yosungira zakale pafupi ndi Munich. Ndege imeneyi inamangidwa pa nthaka ya Africa, koma tikamakangana zoti kuno sitinayesepo, ndi ochepa amaitchula.

Kachiwiri kunali pa Tejas yomweyo. Ntchito inayamba mu 1983, ndege inauluka pa 4 Januwale 2001, inalowa usilikali mu 2016. Injini imene inayenera kukhala yake, Kaveri, inatuluka yolemera kuposa muyezo, mphamvu yake n'kuperewera. India inalibe ndege yoyeserapo injini m'mwamba, mpaka anainyamula kupita nayo ku Russia kukaipachika pansi pa phiko la Il-76 mu 2010. Pamenepo n'kuti mu 2008 atailekanitsa kale ndi Tejas.

Tsopano mbali imene mukulondola, ndipo ndiinena mouma kuposa mmene mwainenera. Mwini injini ndiye wasunga kiyi. Mu 1978 Sweden inafuna kugulitsa Viggen ku India, America inakana kupereka chilolezo cha injini, malonda anafera pomwepo. Israel inafuna kugulitsa Kfir ku Ecuador m'ma 1970, boma la Carter ku America linatseka chifukwa cha injini ya J79. Ndipo si injini yokha. Mu 2020 Argentina inalephera kugula FA-50 ya South Korea chifukwa munali zipangizo za ku Britain, ndipo Britain sigulitsa zida ku Argentina chichokereni nkhondo ya Falklands. Pafupi nafe pano, ma Hawk a Zimbabwe anayamba kusowa masipeya Britain itaika chiletso mu 2000, mpaka anaimikidwa, m'malo mwake munabwera ma K-8 a ku China. India inaitanitsa Tejas Mk1A zokwana 83 ndi injini za F404 zokwana 99 mu 2021, koma injini yoyamba inafika mu Malichi 2025, matupi a ndege akudikirira kufakitale. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Nduna ikamaima kutsogolo kwa ndege n'kumati sitidzapemphanso kwa munthu, pamene injini iliyonse ya F110 ya KAAN ikufuna siginecha ya ku Washington, bodza lili pakamwa pa ndunayo. Ndege ilibe mlandu, mainjiniya alibenso mlandu.

Chimene sichioneka pachithunzi

Ndege zankhondo zamakono amazijambula dala kuti zisakhazikike zokha mumlengalenga. Mphuno imafuna kuthawira m'mwamba nthawi zonse, ndipo n'chimene chimachititsa kuti ndege izikhota msanga. Dzanja la munthu silingaigwire. Ndodo ya woyendetsa imangouza kompyuta chimene akufuna, kompyutayo ndi imene imagwedeza mapiko ndi mchira maulendo makumimakumi pa sekondi. Pa Tejas njira za kompyuta zilipo zinayi, zonse zikuwerengera chinthu chimodzi, ndipo imodzi ikayamba kunena zosiyana, zinzake zimaichotsa. Pulogalamu imeneyi isanakwere ndege amaiyesa pansi pa chimene amati iron bird, chimango chachitsulo chokhala m'shedi, chokhala ndi mapaipi a hydraulic, mawaya ndi ma actuator enieni, zida zogwedeza mapiko ndi mchira zija, kutalika kwake kofanana ndi kwa m'ndege, chifukwa paipi ikatalika mita imodzi yankho limachedwa.

Kuchedwa kumeneko n'kumene kunagwetsa Gripen. Yoyamba inauluka pa 9 Disembala 1988, ndipo mu Febuluwale 1989 inagubuduka potera ku Linköping. Woyendetsa amati akakoka ndodo, mapiko amachedwa kuyankha chifukwa ma actuator anali atafika pa malire a liwiro lawo, iye n'kukokanso kwambiri, yankho n'kubwera pamene akukankha. Munthu ndi kompyuta anayamba kulimbirana ndege. Mu Ogasiti 1993 ina inagwa pachionetsero pakati pa Stockholm chifukwa cha vuto la mtundu womwewo, woyendetsa wake yemweyo, Lars Rådeström, ndipo kawiri konse anapulumuka. Amene anatsogolera kukonza vutoli ndi a Saab, kampani yopanga Gripen, chifukwa pulogalamu inali yawo. Umwini wa ndege uli pamenepa. India itaphulitsa mabomba a nyukiliya ku Pokhran mu Meyi 1998, mainjiniya ake amene ankagwira ntchito ndi kampani ya Lockheed Martin ku America anabwezedwa kwawo, ndipo malamulo oulutsira Tejas anawamaliza okha. South Korea mu 2015 inakanizidwa ndi America luso la zinthu zinayi: radar yamakono yotchedwa AESA, diso loona kutentha kwa ndege ya mdani, chida cholozera chandamale ndi chosokonezera radar ya adani. Radar imene ili pamphuno pa KF-21 lero ndi ya Hanwha Systems. Pa ndege zoyeserera anamanga zouluka zisanu ndi imodzi, ndi ziwiri zosauluka, chifukwa thupi limodzi liyenera kupindidwa ndi majeki mpaka katundu woposa malire ndi theka, ndipo lina liyenera kugwedezedwa zaka kuti aone pamene mng'alu udzayambire. Wongomanga mabawuti sachita zimenezi.

Zimene zimapha ndege zabwino

Kawirikawiri si injini kapena kompyuta. Avro Arrow ya Canada inauluka bwino pa 25 Malichi 1958, injini yake ya kwawo ya Iroquois ili pafupi kukwera ndege, koma pa 20 Febuluwale 1959 boma la Diefenbaker linatseka ntchito. Anthu oposa 14,000 anachotsedwa tsiku limenelo, ndege zinadulidwa ndi moto, akatswiri ena anakalowa NASA, ndipo Canada sinajambulenso ndege yankhondo. Lavi ya Israel inauluka pa 31 Disembala 1986, nduna n'kuipha mu Ogasiti 1987 ndi mavoti 12 kwa 11, chifukwa ndalama zambiri zinali za America ndipo F-16 inali yotchipa. Mtengo wojambulira ndege ndi womwewo kaya mumanga 50 kaya 500, ndiye dziko logula zochepa limalipira zowawa pa ndege iliyonse.

Inu muli ku Johannesburg, Kempton Park si patali. Kumeneko kampani ya ndege ya Atlas inamanganso ma Mirage III a ku France kukhala Cheetah pa nthawi ya chiletso cha zida cha United Nations cha 1977, ikuthandizidwa ndi Israel. Inaika timapiko takutsogolo, mphuno yatsopano ndi zamagetsi zatsopano, n'kuionetsa mu 1986. Kenako anayamba Carver, ndege yatsopano kotheratu, koma injini imene inali m'manja inali Atar 9K50 yokalamba, ndipo nkhondo ya ku Angola itatha, tsankho likugwa, ntchito inatsekedwa mu 1991. South Africa inagula ma Gripen 26, amene pakati pa 2021 ndi 2022 anakhala pansi pafupifupi chaka chifukwa kontrakiti ya masipeya inali itatha.

Chimene chimandipsetsa mtima n'chakuti ntchito ikatsekedwa chimatayika si ndege, ndi anthu. Pakati pa kuuluka kwa Marut ndi kwa Tejas panadutsa zaka 40, amene anaphunzira kwa Tank anali atapuma, ana anayambira pansi. South Korea inakwera makwerero osadumpha: kumanga F-5 m'ma 1980, KF-16 m'ma 1990, ndege yophunzitsira ya KT-1, T-50 mu 2002 pamodzi ndi Lockheed Martin, FA-50, kenako KF-21 pa 19 Julayi 2022. Turkey inayamba kumanga F-16 m'ma 1980, inapanga pakati pa thupi la F-35 isanathamangitsidwe mu 2019 chifukwa chogula mizinga ya S-400 ku Russia, inaulutsa Hürjet mu 2023, ndipo KAAN inauluka mphindi 13 pa 21 Febuluwale 2024.

Za kasiyanitsidwe mwafunsa zija, musawerengere maperesenti a zipangizo, amenewo aliyense amawakhotetsa mmene akufunira. Funsani amene angasinthe phiko kapena pulogalamu popanda kupempha, amene angaike mzinga watsopano yekha, amene angaletse ndegeyo kugulitsidwa, ndi kuchuluka kwa zimene zikuuluka m'manja mwa asilikali. Tejas ndi KF-21 zimapambana mafunso awiri oyamba n'kugwa lachitatu. KAAN ndi yawo papepala, koma ikadali poyesedwa, ndipo injini ya kwawo ikadali lonjezo. JF-17 imamangidwa ku Kamra ku Pakistan, koma kujambula kwakukulu kunachitikira ku Chengdu ku China, injini ndi RD-93 ya ku Russia. Yongopakidwa mbendera mukafuna kuiona, pezani zithunzi za Qaher-313 imene Iran inaonetsa mu Febuluwale 2013, chikomekome cha mkuyu: moloweramo mpweya mochepetsetsa, mphuno yosakwana radar, ndi woyendetsa atakhala mawondo ali m'mwamba.