Yankho: Kodi nyumba yakale ya positi ofesi ili ndi phindu lanji?

Bambo, mwafunsa chifukwa chosungira nyumba yakale ya positi ofesi pamene anthu ambiri kuno ku Mangochi amatumizirana mauthenga ndi ndalama pa foni. Ine ndikuona kuti nyumba zoterezi ndi umboni wa mmene tauni yathu inayambira. Pamene Fort Johnston (dzina lakale la Mangochi) inakhazikitsidwa m'chaka cha 1891, makalata ochokera kunja ankalowera pa doko la Chinde ku Mozambique n'kukwera mitsinje ya Zambezi ndi Shire, ndipo kumtunda ankanyamulidwa pamutu ndi amtengatenga oyenda pansi usana ndi usiku. Kanyumba kamene amtengatengawa ankapumulirapo ku Namaka, pa msewu wa Blantyre ndi Zomba, kanasungidwa mpaka lero, ndipo n'koyenera kukaona.

Kamangidwe kake nakonso n'kophunzitsa. Nyumba zambiri za boma za nthawi imeneyo zinali za njerwa zootcha, makoma ochindikala, denga lalitali la malata ndi khonde lalikulu, ndipo aliyense wodziwa kutentha kwa Mangochi m'mwezi wa Okutobala amvetsa kuti khondelo silinali lokongoletsa chabe, koma linkatchinga dzuwa kuti m'kati muzikhala mozizira popanda magetsi. Amisiri athu a lero angatolepo nzeru.

Chimene ndingalangize n'chakuti nyumbayo ikonzedwe popanda kusintha maonekedwe ake, ipatsidwe ntchito ina, monga momwe nyumba ya Gymkhana Club kuno ku Mangochi inasandukira Lake Malawi Museum, malo osungirako zinthu zakale. Musanakhudze khoma lililonse, kafunseni ku Dipatimenti ya Museums and Monuments, chifukwa lamulo la Monuments and Relics Act limateteza nyumba zolembedwa m'kaundula wa boma.